Nambala ya Atate ndi nyumba ya ku Kabwata

Pasukulu pomwe ndimaphunzitsa masamu ku Chelstone anzanga ankandinena kuti ndine wamantha, sindidziwa kudya ndalama za banki. Mwezi ukatha, timapepala ta malipiro tikabwera, ambiri ankapinda kawo msangamsanga n'kubisa m'chikwama, chifukwa pakapepalapo pamakhala mndandanda wa ngongole wautali ngati kaundula wa kalasi. Ine kanga ndinkakasiya dala patebulo kuti wofuna kuona aone. Panalibe ngongole ngakhale imodzi. Ndivomere kuti ndinkanyada nazo, mwinanso mopitirira muyeso.

Khalidweli ndinatengera kwa Atate. Iwo anachoka ku Katete ali mnyamata, nasoka zovala ku Kamwala moyo wawo wonse, ndipo kumpingo kwathu kwa Sabata anali mkulu. Ngongole ankadana nayo mofanana ndi fodya ndi mowa. Munthu akabwera kudzatenga suti yake n'kunena kuti ndalama yotsala abweretsa mawa, Atate ankaibwezera sutiyo pamsomali mwaulemu n'kumuuza kuti ndiye abwere mawalo. Iwonso sanatengepo ngakhale ulusi wapangongole kwa ogulitsa nsalu, ngakhale eni masitolowo ankachita kuwakakamiza. Choncho ine ndinakula ndikudziwa kuti chinthu umagula ukakhala ndi ndalama yake m'manja. Firiji yanga inachokera ku chilimba, kusonkherana kuja timachita aphunzitsi mwezi ndi mwezi n'kupatsa mmodzi. Sitovu nayo chimodzimodzi. Mipando ya pabalaza ndinaidikira zaka ziwiri, alendo akukhala pamipando yapulasitiki.

Nyumba ya ku Kabwata ndinalowamo mwana wanga wachiwiri ali kumsana, nditangosiyana ndi bambo wake. Ndi kanyumba kakale ka zipinda zogona ziwiri, koma kali ndi madzi am'kati ndi bwalo kuseri. Atate atayamba kuvutika maso anadzakhala nafe momwemo, makina awo osokera n'kuikidwa pakhonde, ndipo ndi iwo anadzala mtengo wa magwafa womwe lero nthambi zake zafika padenga. Anamwalirira m'chipinda chakutsogolo. Ana anga sadziwa nyumba ina, ndipo ine ndinali nditaiwala kalekale kuti si yanga.

Eni nyumba anali mayi achikulire a ku Luapula, amasiye, omwe ankakhala kwa mwana wawo ku Woodlands. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse ankabwera okha paminibasi, atanyamula kabuku ka sukulu m'pepala lapulasitiki. Ndinkawapatsa lendi, iwo n'kulemba mwezi, ine n'kusaina, iwonso n'kusaina, kenako tiyi. Kabuku kakadzaza ankagula kena n'kukamanga pamodzi ndi takale ndi kachingwe ka chitenje. M'zaka khumi ndi chimodzi sindinawachedwetseko ndi tsiku limodzi lomwe, ngakhale miyezi ija malipiro ankachedwa ndipo ife tinkadya masamba okhaokha.

Tsiku lina atamaliza kusaina sanakhudze kapu ya tiyi.

"Ba ticha, nyumba iyi nigulisa," anatero. "Mendo yanga yakana. Mwana wanga bamutuma ku Ndola pa nchito, ati tiyende tonse, nikaonane na ba dokota kwamene kuja. Koma sinifuna kuika pa nyuzi. Imwe mwankala bwino muno. Mutenge imwe, mwana wanga. Nizakulindilani myezi itatu."

Mtengo womwe anatchula unali wa munthu wokufunira zabwino. Ndinali ndi ndalama yoyambira, yomwe ndinkasunga kuchokera ku chilimba ndi ku makalasi apadera ophunzitsa ana a eni patchuthi, koma yotsalayo inafunika kukakongola. Sabata limenelo ulaliki sindinaumve, ndinkangolimbana ndi mtima wanga pabenchi, mpaka ndinadziuza kuti Atate akanamvetsa kuti nyumba si suti. Lolemba m'mawa ndinapempha chilolezo kwa ahedi, ndinavala diresi yanga ya pamsonkhano wa makolo, n'kukwera minibasi kupita ku Cairo Road, kubanki komwe malipiro anga akhala akulowera chiyambireni ntchito.

Ndinapita ngati munthu wokalandira mphoto. M'fayilo munali kalata ya kuntchito, chitupa changa cha unzika, mapepala a nyumbayo, ndi timapepala ta malipiro toyera tija. Wondithandiza anali mtsikana waulemu, wamsinkhu woti ndikanamuphunzitsa giredi naini. Anayamikira kuti mapepala anga ndi olongosoka, n'kundiuza kuti ndibwerenso pakatha milungu iwiri. Pobwerera ndinadutsa ku Kamwala kukafunsa mtengo wa penti. Ndinali nditasankha kale mtundu wake.

Milungu iwiri itakwana ndinabwerera, ndipo nkhope ya mtsikanayo inandiuza ndisanakhale pansi.

"Ba madam, mapepa yanu yali che bwino, koma pali vuto pa lipoti yanu. Malikisi yanu yali pansi maningi. So apa mogeji, nkongole ya nyumba, siingapite."

"Malikisi a chiyani?" ndinafunsa.

Anandifotokozera kuti pali ofesi ina, yosakhala ya banki yawo, yomwe imasunga mbiri ya aliyense wokongola ndalama: anakongola kuti, anabweza liti, anachedwa kangati. Kuchokera m'mbiri imeneyo munthu amapatsidwa malikisi, ndipo banki isanapereke ngongole ya nyumba imayamba yawaona. Ine ntchito yanga ndi yopereka malikisi kwa ana a eni, koma sindinayambe ndachonga mwana yemwe sindinamuuze kuti kuli mayeso. Apa wina anali atandichonga mwakachetechete, n'kundilepheretsa, ine ndili kalikiliki kusankha penti.

"Ndiye mwaona lipoti la munthu wina," ndinatero. "Ine chibadwire sindinakongolepo."

"Ndiye vuto yoyamba iyo. Ngati simunatengepo nkongole, ise sitiziba ngati muziba kubweza. Koma vuto ikulu ni iyi apa. Pali nkongole imozi ya pafoni yamene simunabweze. Yankala pafupifupi zaka zibili."

Ndinaseka mokweza mpaka mlonda wa pakhomo anacheuka. Ine, ngongole ya pafoni? Mauthenga aja amabwera kuti dinani apa mulandire ndalama ndimawafufuta ndisanamalize kuwerenga. Mtsikanayo sanatsutsane nane. Anangotembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. Dzina linali langa, nambala ya chitupa inali yanga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuzazire, koma maso anga anali atafika kale pa nambala ya foni. Siinali yanga. Inali nambala yomwe ndimaidziwa pamtima kuposa yanga yomwe, imene m'foni mwanga ikadali yolembedwa kuti Atate. Ndipo ngongoleyo inatengedwa patatha miyezi inayi titawaika m'manda.

Pamenepo zonse zinabwera m'mutu.

Chaka chija boma linalamula kuti simu iliyonse ya foni ilembetsedwe ndi chitupa cha mwini wake, chitupa cha Atate chinali chitafufutika moti nkhope siinkaonekanso, ndipo wolembetsa masimu anachikana. Kuti atenge china anayenera kukaima pamzere tsiku lonse, maso ali choncho. Ine ndinangotulutsa changa n'kuti lembani apa. Sizinatenge mphindi zisanu, ndipo ndinaiwala tsiku lomwelo.

Maliro atatha, abale a Atate ochokera ku Katete anakhala pansi kugawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Anayala mphasa pabwalo kuseri n'kuunjikapo majekete, nsapato, wailesi, Baibulo ndi sizasi yaikulu yodulira nsalu. Pamenepo mwana wa malemu suyankhula, umakhala chapatali ndi amayi anzako n'kumaonerera. Makina osokera anandisiyira, ndipo ndinathokoza powomba m'manja. Foni anapatsa atate aang'ono, mng'ono wawo wa Atate, omwe tsopano anali mkulu wa banja. Azakhali ananena kuti nambala isasinthidwe, kuti aliyense wozolowera kuimbira malemu pa nkhani za banja azipeza womuyankha. Tonse tinati zimenezo ndi nzeru. Ineyo ndi manja angawa ndinalowa m'nyumba kukawatengera tchaja.

Ndinatuluka m'banki muja, n'kuima pamthunzi wa mitengo ya pakati pa msewu, ndi kuimba nambalayo. Zaka ziwiri ndinali ndisanaiimbe. Ndikafuna atate aang'ono ndinkadzera kwa azakhali, chifukwa kuona dzina la Atate likuwala pafoni kunkandiliza.

Atate aang'ono anayankha ali kudimba, mosangalala kwambiri. Tinayamba ndi moni: ana ali bwanji, mvula yagwa bwanji, mwendo wa azakhali uli bwanji. Munthu wamkulu sumudumphira moni ngakhale mtima uli phaphapha.

"Atate, ndimafuna ndifunseko. Kodi munatengapo ndalama pafoniyi?"

"Ee, mwana wanga, inabwera yokha. Kunabwera uthenga, ndiye ndinapita nawo kwa uja wa kabokosi ka ndalama kumsika. Anati foni ikunena kuti pali ndalama yoti nditenge. Ndinati ndi zimene anasiya akulu anga. Ndinagulira mbewu ya tomato."

"Nanga sanakuuzeni kuti mubweze?"

"Mauthenga amabwera ambirimbiri, achingerezi okhaokha. Enanso anaimbapo kufunsa dzina la mkazi. Ndinawauza kuti mwalakwitsa, ino ndi foni ya bambo, ndiponso mwini wake anamwalira."

Dzina la mkazilo linali langa, la pachitupa. Kumudzi palibe amalidziwa, onse amanditchula ndi dzina la paubwana. Ndalama yomwe atate aang'ono anatenga siinkakwana ngakhale thumba limodzi la ufa. Ndi chiwongoladzanja chomwe inali itakulako, komabe yosaposa zomwe ndimawononga kumsika pamlungu. Ndinafuna kukuwa. Ndinafuna kuwafunsa kuti ndi liti mkulu wawo, munthu wosatenga ngakhale singano yapangongole, anasiyapo ndalama m'foni. Koma mawu omwe anatuluka pakamwa panga anali akuti zikomo Atate, mupereke moni kunyumba. Nditadula foni ndinakhala pakakhoma n'kutukwana chamumtima, ine mwana wa mkulu wa mpingo.

Ndinkaganiza kuti kulipira ndiko kutha kwa nkhani. Masana omwewo ndinapita kusitolo ya kampani ya foni, ndinalipira zonse, n'kuwauza kuti atseke simu ya ku Katete andipatse ina ya nambala yomweyo, kuopa kuti kungabwerenso uthenga wina wa zimene anasiya akulu. Patatha masiku awiri azakhali anaimba. Anati atate aang'ono akhumudwa kwambiri kuti ndazimitsa foni ya mkulu wawo osawauza, anthu akuimba sakuwapeza, ndipo kumudzi akuti ana a m'tauni ndife amwano. Ndinatumiza ndalama ya simu yatsopano, ndi ina ya shuga yopepesera. Inde, wopepesa ndinali ine.

Kubanki anati lisiti silokwanira, akufuna kalata yonena kuti ngongole yatha. A kampani ya foni anati ngongoleyo si yawo, ndi ya kampani ina yobwereketsa ndalama yomwe imangodzera pafoni pawo. Kampani imeneyo ndinaipeza cha ku Longacres, m'nyumba yopanda chikwangwani, nditazungulira mpaka nsapato zinandiluma. Ulendo woyamba anati makompyuta sakugwira ntchito. Ulendo wachiwiri anati wosaina ali kumsonkhano. Ulendo wachitatu wosainayo analipo, koma anati pempho langa silinalembedwe, ndiyambirenso. Ulendo uliwonse unali wopempha kwa ahedi, kusiya ana a giredi thwelofu mayeso ali pafupi, minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera. Ahedi anayamba kundiyang'ana ngati ndatsegula bizinesi m'tauni.

Kalata inatuluka patatha milungu itatu. Ndinathamangira nayo ku ofesi yosunga mbiri ija, komwe anandilandira bwino, nandiuza kuti iwo sasintha kanthu mpaka obwereketsawo atatumiza okha lipoti lawo la kumapeto kwa mwezi. Ndinafunsa kuti nanga kalata yomwe ndagwirayi ndi ya chiyani. Anati ndiisunge bwino.

Pomwe ndinakhalanso patebulo la mtsikana wa kubanki uja, miyezi iwiri inali itapita.

"Yachoka pa nkongole zosalipila," anatero. "Manje yalembewa ati munalipila mochedwa. Malikisi yakwela pang'ono, koma siyanafike."

"Ndalipira. Kalata ndi iyi. Mukufunanso chiyani?"

"Ba madam, onani. Pa lipoti yanu yonse pali chabe nkongole imozi, na iyo imozi munachedwa nayo zaka zibili. Sembe muli na zina zamene munabweza bwino, sembe zavinikila. Ine ningakuuzeni so: tengani ka nkongole kang'ono, olo foni ya pankongole, muzilipila bwino mwezi na mwezi. Pakapita chaka mubwele futi."

"Ndiye mukundiuza kuti ndikakongole kuti mundikhulupirire?"

"Ee, ndiye mwamene vimayendela."

Ndinamuuza za mnzanga wophunzitsa jogalafe, yemwe ali ndi ngongole zitatu, moti malipiro akalowa amatsala ndi ya minibasi yokha, ndipo pakati pa mwezi amadzandipempha ya ndiwo. Ndinafunsa ngati ameneyo angapatsidwe ngongole ya nyumba. Mtsikanayo anati pa malikisi pokha, ngati amabweza pa nthawi yake, ali pamwamba pa ine.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinanyamuka mwaulemu. Ayi, ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti zaka zonsezi malipiro anga amalowa m'banki mwawo, amawaona akulowa, amaona ndikusunga, amandidula ndalama mwezi uliwonse yosungira ndalama yanga yomwe, ndiye lero akuti sakundidziwa. Ndinayankhula ndi mawu a m'kalasi, aja amamveka mpaka kubenchi yakumbuyo. Anthu apamzere anasiya kuyang'ana mafoni awo. Mtsikanayo anangowerama n'kumasanjasanja mapepala anga, ndipo atandipatsa fayilo ndinaona kuti maso ake afiira. Ndinachita manyazi. Mawa lake ndinamuimbira kupepesa, poti iye sindiye anakonza malamulowo.

Ndinayesa mabanki ena awiri. Kulikonse ankandimwetulira, n'kulandira fayilo, n'kufunsa ku ofesi yomweija. Lipoti ndi limodzi, ndipo limafika iwe usanafike.

Tsiku loyamba la mwezi wachitatu eni nyumba atabwera ndi kabuku kawo, ndinawauza zonse, kuyambira pa chitupa cha Atate mpaka pa mbewu ya tomato. Ndinkayembekeza kuti adandaula. M'malomwake anapsa mtima kuposa ine.

"Awe, ba ticha, ivi ni vaupuba! Mailo tiyende tonse. Nizakamba nabo ine."

Ndinayesa kuwaletsa koma sanamve. M'mawa mwake ndinawapeza ataima kale pakhomo pa banki, atavala chitenje chatsopano ndi duku, ndodo kudzanja lino, kudzanja linalo timabuku tonse ta lendi tomangidwa ndi kachingwe kaja. Masitepe anayi a pakhomopo anawakwera ngati phiri, koma nditafuna kuwagwira mkono anandikankha. Anakaika timabukuto patebulo la mtsikana uja n'kumasula kachingwe pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, ine ndine mwine wa nyumba. Aba ba ticha bankala mu nyumba yanga zaka ileveni. Ona apa. Mwezi na mwezi, pa wanu, siku yoyamba. Apa ni saini yabo, apa ni yanga. Palibe mwezi wojumpa. Ngati mufuna kuziba ngati muntu alipila, simufunsa uja wamene amalipiliwa?"

Mtsikanayo anatsegula kabuku kalikonse, tsamba ndi tsamba, ndipo ndikhulupirira kuti ankawerengadi. Kenako anapita kukaitana wamkulu wake, bambo wa tayi, yemwe anabwera n'kupereka moni atapinda maondo monga mwana woleredwa bwino.

"Ba mayo, tamvela, na ise taona ati ni bantu bokulupilika," anatero bamboyo. "Koma lendi ya pamanja siingena mu lipoti. Ivi sivili mu sisitemu. Ise tiyendela vamene vili mu sisitemu."

"Nanga ine sinili muntu? Nabwela neka na mendo yanga iyi, nakuuzani na kamwa yanga."

"Ba mayo, tilibe mpamvu."

Mayiwo anatola kachingwe kawo. Kenako anasonkhanitsa timabuku tawo n'kuyamba kumanga, koma mfundo inkawakanika, mpaka ndinawamangira ine. Tili panja ndinawagulira botolo la madzi, tinakhala pakakhoma komwe kaja. Ine misozi inkangotsika. Sindinkalirira nyumba yokha. Zinandiwawa kuona munthu wamkulu akukwera masitepe ndi ndodo kudzandichitira umboni, n'kubwezedwa ngati wabweretsa mapepala a pansi pa bedi.

Miyezi itatu itakwana anandidikiranso mwezi wina, mwana wawo akung'ung'udza. Ine ndinayesa paliponse. A chilimba anavomera kundipatsa ine gawo la mwezi umenewo ngakhale siinali nthawi yanga, koma zinali ngati kuthira kapu ya madzi m'mgolo. Tsiku lina masana, ndili pakati pa phunziro, foni inalira, ndipo ndinatuluka pakhonde la kalasi. Anali eni nyumba.

"Ba ticha, nalepela," anatero. "Ba dokota batipasa siku. Kuli muntu afuna kugula, ni munzake wa mwana wanga. Munikululukile, mwana wanga."

Ndinawauza kuti palibe choti ndiwakhululukire, ndipo ndinkanena zoona. Ndinalowanso m'kalasi n'kumaliza samu yomwe ndinasiya pabolodi.

Wogulayo anali bambo wachinyamata wa ku Kabulonga, wogwira ntchito ku inshuwalansi, wansangala, wa galimoto yonyezimira. Si munthu woipa, ndipo zimenezo zimandinyansa kwambiri, chifukwa akanakhala woipa ndikanapeza womuda. Ulendo woyamba anabwera kudzaona nyumba, anagogoda makoma, anasuzumira kudenga, anathyola gwafa n'kudya akuyenda. Anandiuza yekha moseka kuti galimotoyo ndi yapangongole, foni ndi yapangongole, ngakhale sofa za kunyumba kwake, ndipo kuti masiku ano munthu wopanda ngongole ndi munthu wogona. Ndinamumwetulira ndi mano okha.

Ndinayamba kutola makatoni kumsika ndi kufunsa nyumba za lendi ku Chelstone. Makina a Atate ndinawapukuta, n'kuwakulunga m'bulangete. Ana anasiya kufunsa mafunso. Atamaliza kugula nyumbayo, bambo uja anabweranso, n'kupeza makatoni ali mbwee pabalaza.

"Awe ba madam, osalonga! Muyenda kuti? Ine nifuna munkale. Ba mayo baniuza ati imwe simuchedwa na lendi olo siku imozi. Tenanti wa so sapezeka mu Lusaka."

Anatulutsa mapepala a mgwirizano watsopano, lendi itakwerako, ndipo m'chikwama momwemo anatulutsanso timabuku tija, tomangidwa ndi kachingwe kaja ka chitenje.

"Ivi ba mayo bati nikupaseni, ni vanu. Koma vanitandiza maningi, ba madam. Nenze navifotokopa nopeleka ku banki pamozi na mapepa yanga, kuti baone ati nyumba ili na tenanti wolipila bwino, ndalama izayamba kungena mwezi woyamba. Ba maneja banakondwela. Loni yanga inapita fasiti."

Sindinafunse kuti ndi banki iti. Ndinaopa yankho. Pambuyo pake ndinamva kuti mayi aja anam'patsa timabukuto dala, kuti aone yekha kuti ndine munthu wotani asandithamangitse. Ankanditeteza m'njira yomwe anaidziwa. Timabuku tomwe tinakanidwa tili m'manja mwanga tinalandiridwa tili m'manja mwa wina, ndipo masaini ake anali anga omwewo.

Ndinasaina. Ndikanapita kuti ndi ana awiri pakati pa temu? Makatoni ndinawabweza kumsika, makina a Atate n'kubwerera pakhonde. Simu ya nambala yawo ili m'kadirowa ka makinawo pamodzi ndi masingano, ndipo nthawi ndi nthawi ndimaiika m'foni kuti isafe.

Ndinamvera malangizo a mtsikana wa kubanki uja. Ndinatenga kangongole kang'ono kubanki n'kugulira foni yomwe sindinkaifuna, ndipo tsopano pakapepala kanga ka malipiro pali mzere umodzi. Mnzanga wa jogalafe atauona anandigwira chanza n'kunena kuti takulandirani. Masiku ano nane ndimakapinda msangamsanga n'kuika m'chikwama. Akuti malikisi anga akukwera. Mwina tsiku lina adzakwana, koma nyumba za ku Kabwata sizikudikira malikisi anga, ndipo imene ndinkaifuna ili ndi mwini wake.

Lendi ndimalipirabe tsiku loyamba la mwezi. Palibenso kabuku, palibe tiyi. Ndimatumiza kuakaunti ya bambo uja, ndipo iye anandiuza yekha kuti pa tsiku lachitatu banki imadulamo ya ngongole ya nyumbayi. Sindinachedwepo, choncho nayenso sanachedwepo.

Mwezi wathawu anandiimbira foni kundithokoza. Akuti kubanki amuuza kuti mbiri yake ndi yabwino kwambiri moti akhoza kutenga ngongole ina, ndiye amafunsa ngati ndamvapo za nyumba ina yogulitsa muno m'Kabwata. Ndinamuyankha kuti ndikamva ndimuuza. Ndinadula foni, ndinatenga tsache, n'kupita kuseri kukasesa magwafa a Atate omwe anagwa pabwalo pake.